THABWA LA MPHEPO YOCHEPA: ZOYENERA KUDZIWA MAKOLO ASANATULUTSE NDALAMA

Munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja safunika kuuzidwa za mphepo. Amadziwa kuti mwera ukayamba cha m'mwezi wa Meyi mabwato amagona pamtunda masiku angapo ndipo usipa umasowa pamsika. Amadziwa mpoto wa nyengo yotentha ndi ya dzinja, amadziwanso vuma wochokera kum'mawa. Kale zombo za matanga zinkawoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota kupita kutsidya ndi mphepo zomwezi. Lero mphepo yomweyo yabweretsa nkhani ina m'makomo mwathu. Ana akuona pa mafoni, ndiponso kwa alendo ena obwera kunyanja, masewera otchedwa kitesurfing, ndipo ena ayamba kale kutumiza mauthenga kwa amalume awo amene ali ku Joni kuti awagulire zipangizo zake.

Abale ndi alongo, sitikulemba nkhaniyi pofuna kuti banja lililonse ligule zipangizozi ayi. Masewerawa ndi odula, ndipo chakudya, fizi ndi mankhwala ndizo zimayamba pakhomo. Koma pamene banja lagwirizana, kapena pamene achinyamata asonkherana kuti agule, tikufuna ndalamayo isapite m'madzi, ndipo mwanayo abwerere pagombe ali moyo. Mfundo yathu ndi imodzi: pa mphepo yochepa, chimene chimayendetsa munthu si dzina la kampani kapena kukwera mtengo kwa thabwa, koma kutambalala kwake ndi kuwongoka kwa pansi pake.

KODI MASEWERAWA NDI OTANI?

Wosewera amaima pa thabwa lokhala ndi malamba awiri olowetsamo mapazi, ndipo amakokedwa ndi kaiti yaikulu ya nsalu yopepuka. Kaitiyo ili ndi machubu opopera mpweya kotero kuti ikagwa imayandama. Zingwe zinayi kapena zisanu, zotalika mamita 20 mpaka 24, zimachoka ku kaiti kufika pa ndodo yowongolera, ndipo ndodoyo imakoledwa pa lamba wa m'chiuno. Mphamvu yonse ya mphepo imathera m'chiuno, manja amangowongolera.

Kaiti yopopera mpweyayi anaitulukira ndi abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, amene analembetsa luso lawoli mu 1984. Mpikisano woyamba unachitika mu 1998 pa chilumba cha Maui ku Hawaii. Mu 2024 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympics, imene mbali yake ya pamadzi inachitikira ku Marseille, ndipo anapambana ndi Ellie Aldridge wa ku Britain kumbali ya amayi ndi Valentin Bontus wa ku Austria kumbali ya abambo. Kufupi ndi kwathu kuno amatchuka ku Paje pa chilumba cha Zanzibar, ku Diani m'dziko la Kenya, ku Vilanculos ku Mozambique ndi ku Cape Town.

Thabwa lofala kwambiri, lomwenso wophunzira amayambira, limatchedwa twintip. Kutsogolo ndi kumbuyo kwake n'kofanana, choncho munthu amapita uku ndi kubwerera osalitembenuza. Kholo lidziwe chinthu chimodzi pa thabwa limeneli: silinyamula munthu ngati bwato. Ukaimapo pamadzi a bata limamira nawe. Limakhala pamwamba pokhapokha likuthamanga, monga umachitira mwala wophwathalala umene ana amaponya kuti ujowejowe pamadzi. Liwiro likatha, mwala umamira.

MPHEPO YOCHEPA NDI ITI?

Oyenda pamadzi amayesa mphepo ndi muyeso wotchedwa knot. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Osewera amati mphepo ndi yochepa ikakhala pakati pa ma knot 8 ndi 14, kutanthauza makilomita 15 mpaka 26 pa ola. Ngakhale popanda makina tingaizindikire. Masamba a mitengo akamagwedezeka osaleka, ndipo panyanja pakuoneka thovu loyera apo ndi apo, mphepoyo ili pa ma knot 7 mpaka 10. Fumbi ndi timapepala zikayamba kuuluka, nthambi zazing'ono n'kumagwedezeka, thovu n'kuchuluka, ndiye kuti ili pa 11 mpaka 16. Timitengo tathunthu tikayamba kuwerama, yapitirira pamenepo ndipo siyochepanso.

Apa pali masamu ofunika. Mphamvu imene mphepo imakankhira nsalu sitsika mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likatsika ndi theka, mphamvu imatsala gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Kaiti imene imakoka munthu bwino pa ma knot 20, ikafika pa ma knot 10 imangokoka ndi kotala ya mphamvu ija. N'chifukwa chake zipangizo zimene zimayenda bwino kwina zingakhale zopanda ntchito masiku ambiri a kwathu kuno. Mwera uli ndi miyezi yake, ndipo ukakwiya si wa wophunzira. Masiku ena onse chimene tili nacho ndi kamphepo ka masana kochokera panyanja kulowa kumtunda nthaka ikatentha.

Nyanja yathu imawonjezera zovuta ziwiri. Choyamba, ili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere mpweya ndi wopepukirako ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse. Kutentha kwa mu Okutobala kumaupeputsanso. Mpweya wopepuka umakankha kaiti mofooka ngakhale liwiro lake likhale lomwelo. Chachiwiri, madzi athu alibe mchere. Malita 1,000 a madzi athu amalemera makilogalamu 1,000 pamene a nyanja yamchere amalemera pafupifupi 1,025, choncho athu amanyamula mocheperako. Kusiyanaku n'kochepa, koma pa mphepo yochepa munthu alibe mphamvu yotsala yoti ataye.

Pali njira ziwiri zothanirana ndi vutoli: kugula kaiti yaikulu, ya masikweya mita 15 mpaka 17 m'malo mwa 12, kapena kugula thabwa lalikulu. Kaiti ndi imene imadula kwambiri pa zipangizo zonse, imaonongeka ndi dzuwa ndi mchenga, ndipo yaikulu imalemera, moti mphepo ikadukiza imagwa. Thabwa ndi lotsika mtengo ndipo limakhala zaka zambiri. Kwa banja lowerengera ndalama, njira yanzeru n'kuyamba ndi thabwa.

ZINAYI ZOYANG'ANA PA THABWA

Choyamba ndi kukula, makamaka m'lifupi. Pa thabwa lililonse pamalembedwa manambala awiri, monga 136 x 41. Yoyamba ndi m'litali, yachiwiri ndi m'lifupi, zonse m'masentimita. Thabwa la 136 x 41 ndi la munthu wa makilogalamu 70 kapena 75 pa mphepo yabwino. La mphepo yochepa limakhala ngati 160 x 46. Tikachulukitsa manambalawa tikupeza 5,576 pa loyamba ndi 7,360 pa lachiwiri, kusonyeza kuti lachiwiri limaponda madzi ochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Taonaninso izi: pa thabwa la 140 x 42, kuwonjezera sentimita imodzi m'litali kumangopatsa masikweya sentimita 42, koma sentimita imodzi m'lifupi imapatsa 140. Tsono mukaona matabwa awiri a mtengo wofanana, tengani lotambalala. Matabwa otambalala kwambiri a ngodya zinayi osewera amawatcha door, ndiko kuti chitseko, chifukwa ndi mmene amaonekeradi.

Kukula kumayendera kulemera kwa munthu. Pa mphepo yochepa, wachinyamata wa makilogalamu 50 mpaka 60 amakwanira ndi thabwa la 138 mpaka 142 m'litali ndi 42 kapena 43 m'lifupi. Wa makilogalamu 65 mpaka 80 afune la 145 mpaka 150 ndi 44 mpaka 46. Wopitirira makilogalamu 85 afune la 155 mpaka 165 ndi 46 mpaka 50. Apa pali mwayi kwa banja la ana angapo. Thabwa limene ndi la pakatikati kwa mkulu wawo, kwa mng'ono wake wopepuka ndi la mphepo yochepa kale.

Chachiwiri ndi kupindika kwa pansi, kumene amakutcha rocker. Chotsani zipsepse, muike thabwa pa simenti yosalala, muone mmene nsonga zake zatukukira. Zikatukuka masentimita 2 kapena 3 okha, limenelo ndi lowongoka ndipo limayamba kutsetsereka msanga. Zikatukuka 5 kapena 6 ngati nthochi, limenelo ndi la akatswiri odumpha m'mwamba. Limakankha madzi m'malo motsetsereka pamwamba pake, ndipo limafuna mphepo yambiri. Thabwa lowongoka limathandizanso kubwerera chokwera kumene mphepo ikuchokera. Imeneyi si nkhani ya chisangalalo chokha. Mwana amene thabwa lake lalephera kukwera mphepo amangotengeka chotsika, ndipo amakathera m'matchera a asodzi, m'bango, kapena pa mathiriro a mtsinje pamene pamakhala ng'ona ndi mvuu.

Chachitatu ndi chimene thabwalo lapangidwa nacho. Matabwa ambiri m'kati mwake muli mtengo wopepuka wotchedwa paulownia, ndipo kunja amakuta ndi fibreglass, zija amapangira maboti ena. Ena amakuta ndi carbon. A carbon ndi opepuka ndi ouma, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo kuuma kwakeko kumapweteketsa maondo pa mafunde afupiafupi ngati a nyanja yathu. Wophunzira sapindula kanthu kofanana ndi ndalama yowonjezerayo. La mtengo ndi fibreglass ndi lokwanira, ndipo likang'ambika pang'ono mmisiri wa maboti angathe kulimata.

Chachinayi ndi malamba a mapazi ndi zipsepse. Malamba akhale osintha kukula, makamaka ngati thabwa ndi logwiritsa ntchito anthu angapo. Lamba wothina amagwira phazi limodzi munthu akagwa ndipo bondo limapotoka; wokhwefuka amataya thabwa. Matabwa omangirira nsapato zathunthu muwapewe. Zipsepse zimakhala zinayi, za masentimita 4 kapena 5, ndipo zikhalepo zonse ndi masikuluwu ake. Pakati pa thabwa pakhale chogwirira.

Walira mvula walira matope. Thabwa lalikulu lili ndi kuipa kwake. Mphepo ikakula ndi mafunde n'kukwera, limavuta kuligwira ndi mapazi, limamenyetsa maondo ndipo limathira madzi kumaso. Koma tsiku lotero si la wophunzira. Ndi tsiku lokhala pamtunda pamodzi ndi asodzi amene aimika mabwato awo.

CHENJERANI NDI MATABWA A KU CAPE TOWN

Mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi abale ku South Africa, ndipo njira yapafupi yopezera thabwa ndi kudzera mwa iwo. Ku Cape Town, makamaka dera la Bloubergstrand, ndi kumene kuli zipangizo zogwiritsidwa kale ntchito zochuluka, chifukwa osewera a m'maiko ambiri amasonkhana kumeneko kuyambira Novembala mpaka Malichi. Koma chimene chimawakokera kumeneko ndi mphepo yaukali yochokera kummwera chakum'mawa, imene kawirikawiri imapitirira ma knot 25. Mpikisano wodumpha m'mwamba wa King of the Air unasamukira kumeneko mu 2013 kaamba ka mphepo yomweyo. Choncho matabwa ambiri ogulitsidwa kumeneko ndi aang'ono, a 132 mpaka 138, oyenera mphepo ya kumeneko.

Malume wachikondi amene sadziwa izi adzaona thabwa lokongola lotsika mtengo, adzagula, adzalipira basi ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza kapena Dedza, ndipo thabwalo lidzafika n'kumangokhala kuseri kwa chitseko kudikira mwera. Safunsa anadya phula. Musanatumize uthenga, muyeseni mwana pa sikelo, mulembe manambala awiri aja, ndipo muwauze amalumewo kuti asagule china chosiyana ndi chimenecho ngakhale chitchipe bwanji. Powerengera mtengo muphatikizemo ulendo ndi msonkho, pakuti thabwa la masentimita 160 si katundu wolowa m'chikwama.

KUGULA LA KAUNJIKA

Makampani amatulutsa matabwa atsopano chaka ndi chaka, koma nthawi zambiri chimene chasintha kwambiri ndi utoto. Thabwa la zaka zisanu zapitazo limayenda pamadzi ngati la chaka chino. Masukulu ophunzitsa masewerawa amagwiritsa ntchito matabwa aakulu chifukwa ndiwo oyenera ophunzira, ndipo nyengo ikatha ena amagulitsa akale. Amenewa ndiwo ofunika kufunsira, ngakhale akhale okalikakalika.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula ayang'ane m'mphepete monse ngati zigawo za thabwa sizinayambe kumatuka, pakuti madzi akalowa m'mtengo wa m'kati thabwa limalemera ndi kuwola. Agogode pamwamba ponse ndi ndalama yachitsulo. Pabwino pamalira mouma, pomatuka pamalira ngati mbiya yong'aluka. Amasule masikuluwu a malamba ndi kuwamanganso, kuti aone ngati mabowo ake akugwira ndiponso ngati sanadye dzimbiri. Aike nsonga imodzi pansi, akanikize pakati ndi dzanja, amvetsere ngati sipakulira kuthetheka. Mzere woyera wodutsa chopingasa pafupi ndi popondera ndi chizindikiro chakuti thabwalo linathyokapo. Mikwingwirima ya pansi yosafika pamtengo ilibe vuto, ingokuthandizani kunenerera mtengo.

NANGA KUKHOMA TOKHA?

N'zotheka, ndipo osewera ambiri m'maiko ena anayambira pamenepo. Thabwa la mphepo yochepa ndi losavuta kupanga chifukwa limafunika lowongoka. Pamafunika pulayiwudi ya maboti yosamatuka m'madzi, yokhuthala mamilimita 12, yodulidwa pa muyeso wa mwini wake. Ngodya zonse zizungulizidwe ndi kupalidwa bwino kuti zisacheke munthu. Thabwa lonse, makamaka m'mphepete ndi m'mabowo, lipakidwe epoxy kapena vanishi ya maboti kangapo. Mabauti akhale osachita dzimbiri ndipo mitu yake isatulukire pansi. Malamba ndi zopondera ndi bwino kugula zenizeni. Thabwa lotere ndi lolemera ndipo silikhalitsa ngati la kufakitale, koma limayenda. M'madoko mwathu muli amisiri amene akhala akukhoma maboti a matabwa zaka zambiri, ndipo ntchito imeneyi kwa iwo ndi yaing'ono.

Ana ena adzakuuzani za foil, thabwa lokhala ndi mlongoti pansi pake ndi phiko la m'madzi limene limatukula munthu pamwamba pa mafunde. N'zoona kuti limayenda pa mphepo yochepa kuposa thabwa lina lililonse, ndipo ndi limene anapikisana nalo ku Marseille. Koma ndi lodula kwambiri, limafuna madzi akuya chifukwa mlongoti wake umafika masentimita 60 mpaka 90 kapena kupitirira, phiko lake ndi lakuthwa, ndipo likakola ukonde wa msodzi mlandu ndi wanu. Si poyambira.

PAMENE SITIYENERA KUUMIRA

Ndalama imene yapulumuka pa thabwa ili ndi kopita. Poyamba ipite ku maphunziro. Munthu amafunika maola 9 mpaka 12 ali ndi mphunzitsi asanayambe kuima pa thabwa yekha, ndipo masukulu amabwereketsa zipangizo pa nthawiyi. Musagule kanthu mwana asanaphunzire. Bungwe la International Kiteboarding Organization, limene linakhazikitsidwa mu 2001, limapereka ziphaso kwa aphunzitsi, ndipo si mwano kupempha kuona chiphasocho. Kuphunzira pa kanema wa pafoni n'kuika moyo pachiswe, chifukwa kaiti imatha kunyamula munthu ndi kukam'menyetsa pamtengo kapena pamwala.

Kachiwiri ipite ku jekete yoyandamitsa ndi chipewa cholimba. Takumbutsa kale kuti thabwali silinyamula munthu. Mphepo yochepa ili ndi khalidwe loleka mwadzidzidzi, ndipo ikaleka mwana amapezeka ali m'madzi, kaiti ili chigonere. Asapite kutali kuposa pamene angathe kusambira kubwerera. Zikatero asasiye kaiti, pakuti imayandama ndiponso imaoneka patali. Ndodo, zingwe ndi chomasulira cha pangozi zikhale zabwino ndipo ziyesedwe tsiku lililonse. Pa zimenezi kaunjika wokayikitsa ayi. Thabwa lisamangiriridwe kumwendo ndi chingwe, chifukwa munthu akagwa chingwecho chimalibweza mwamphamvu n'kukam'menya m'mutu. Zovala zazitali zosambirira n'zabwino kwa anyamata ndi atsikana omwe, zimatetezanso ku dzuwa, koma zisakhale zolendewera zoti n'kukola m'zingwe.

Kachitatu mwana adziwe gombe lake. Mphepo yoyenera ndi yodutsa m'mbali mwa gombe kapena yolowera kumtunda chopendekera. Yochokera kumtunda kupita panyanja ndi yoopsa, chifukwa chilichonse chikalakwika imam'tengera munthu pakati pa nyanja. Mwera womwewo umene ku Nkhotakota umafika chopendekera kumtunda, ku Chembe umachokera kumbuyo kwa gombe kukankhira kunyanja. Akuluakulu a padoko amadziwa zimenezi kuposa buku lililonse. Mwana awafunse mwaulemu za mphepo, za pamene atchera matchera ndi za pamene amakokera makoka, ndipo asalowe m'madzi popanda munthu womuyang'anira pamtunda ndi bwato lokonzeka. Mitambo ya mvula ikayamba kuunjikana atuluke msanga, pakuti mpoto wa dzinja umasintha pakanthawi kochepa. Ndipo monga aliyense wokhalitsa m'madzi a m'mphepete, aziyezetsa likodzo kuchipatala.

Pomaliza, makolo anzathu, mwana akabwera ndi pempholi musafulumire kukana, musafulumirenso kuvomera. Khalani naye pansi ndi pepala ndi pensulo. Alembe kulemera kwake, mphepo ya pagombe panu mwezi ndi mwezi, manambala a thabwa loyenera, mtengo wa maphunziro, wa jekete, wa ulendo ndi wa msonkho. Ngati zonsezi sizikukwanira popanda kukongola kwa akatapila kapena kukhudza fizi, nthawi yake sinakwane, ndipo nyanja sikuthawa. Ngati zikukwanira, gulani thabwa lotambalala, lowongoka, la mtengo, ngakhale lakale, ndipo ana a pakhomo ndi a oyandikana nawo azilandirana. Mwana amene wawerengera zonsezi yekha waphunzira kale zambiri asanaponde n'komwe m'madzi.